Miyala Yopanda Golide

Loweruka lapitali ndinasenza thumba la miyala kuchokera ku Kadoma mpaka ku Chakari. Inde, miyala. Kondakitala atayesa kulinyamula anandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Sindinamuimbe mlandu, chifukwa mwezi wathawu inenso ndinkawayang'ana chimodzimodzi amayi anga.

Nkhaniyi inayambira kunyanja yamchere. Mlongo wanga Esinati, amene ndi namwino ku Joni, anatiitana kuti amayi akaione nyanja maso awo asanatheretu. Zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi awiri, koma madzi aakulu amene ankawadziwa ndi a mtsinje wa Muzvezve ukasefukira m'dzinja.

Masiku awiri oyamba tinapita nawo kugombe la mchenga kumene kumadzaza anthu. Sanasangalale nako. Anangokhala chofunda chitenje, nkhope atayang'anitsa kumbali, akudandaula kuti ana a eni ake akuyenda ngati mmene anabadwira. Tsiku lachitatu mlamu wanga, mwamuna wa Esinati, anati akudziwa malo ena obisika. Galimoto tinaisiya pamtunda n'kutsika kanjira kotsetsereka pakati pa matanthwe, ine patsogolo, amayi atandigwira paphewa.

Kunalibe munthu. Kunalibenso mchenga. Gombe lonse linali timiyala tosalala, tina totuwa, tina takuda, tina tofiirira, kukula kwake ngati mazira a nkhanga. Funde likamabwerera, timiyalato tinkasokosera ngati chimanga chouma chikukhuthulidwa m'thumba. Ine ndi Esinati tinatulutsa mafoni n'kuyamba kujambulana.

Pocheuka tinapeza amayi atagwada. Anatola mwala umodzi, kuunyowetsa ndi malovu, n'kuutembenuzira kudzuwa, monga amachitira aliyense wokhalitsa pamgodi. Ndinawaseka. Ndinati kunotu si ku Chakari, asadzivute, mulibe golide m'menemo. Anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona, n'kufunsanso mlamu wanga. Atatsimikiza, anamasula chitenje chapamwamba, kuchiyala pansi, n'kuyamba kusankha.

Kunena zoona ndinapsa mtima. Anzathu amachokera kutchuthi ndi zithunzi ndi maswiti a adzukulu, koma ine ndinakwera chitunda chija ndi miyala kumsana. Pachipata cha m'malire, wofufuza katundu anatsegula thumbalo n'kutiuza moseka kuti chiyambireni ntchito amagwira anthu otulutsa miyala m'Zimbabwe, koma oilowetsa anali asanawaonepo. Ine manyazi anandigwira. Chifukwa chotengera miyalayo amayi anadzandiuza titafika kunyumba.

Bambo anga anagwira ntchito pansi pamgodi wa golide ku Chakari zaka makumi atatu, ndipo anaikidwa kumanda a komboni ya mgodiwo. Kwawo ku Dedza kunali kutali, ndipo amene akanawalandira kumeneko anali atatha kale. Masiku amenewo chiliza cha simenti sichinali cha anthu ngati ife. Anzawo a m'gulu la maliro ankapita pamulu wa miyala yotayidwa ndi mgodi, kusankha yoyera ija, n'kuzunguliza nayo mtumbira. Manda onse a pakomboni ankadziwika choncho.

Lero miyala yoyerayo yasanduka chuma. Okumba golide paokha, amene kuno timawatcha makorokoza, anatulukira kuti makina akale ankasiya kanthu m'miyala yotayidwayo. Mulu uja unatha. Utatha, anatembenukira kumanda. Safukula mitembo ayi, amangotola miyala ya pamwamba, kuithira m'matumba, n'kupita nayo kuchigayo chophwanya miyala. Amayi akuti atapita kukalambula chaka chatha anapeza pa bambo patatsala miyala itatu yokha, ndipo akuti anandiuza tsiku lomwelo. Ine sindikukumbukira. Ndiyenera kuti ndinkangoyankha kuti eya, eya, maso ali pafoni.

N'kosavuta kuwatukwana anthu amenewa, ndipo Loweruka lija ndinawatukwanadi chamumtima. Koma ena mwa iwo ndi adzukulu a anthu omwe agona pomwepo. Chichewa amachimva, amayankha m'Chishona, ndipo palibe anawagwirapo dzanja n'kuwalozera kuti apa pagona agogo ako. Kwa iwo ndi tchire chabe lokhala ndi miyala yabwino. Woyenera kuwalozera anali ndani? Si ife kodi, amene tinapita kusukulu, tinasamukira ku Kadoma ndi ku Chegutu, n'kumaponda kumanda pokhapokha kukagwa maliro atsopano?

Ife ana a anthu obwera tilibe nkhalango ya makolo kumene mudzi wonse umadziwa kuti uje wagona apa. Akufa athu ali m'mafamu amene anasintha eni, ndi m'makomboni a migodi yotsekedwa. Chowasunga ndi mwala, ndi zimene nkhalamba imodzi ikukumbukira.

Titafika kumandako, udzu unali wolekeza m'chiuno. Miyala itatu ija kunalibe. Amayi anaima pansi pa mtengo wa bulugamu n'kundiuza kuti nditsogole.

"Paja ndiwe woyamba kubadwa. Loza pamene pagona bambo ako."

Ndinayenda molimba mtima, kuima pa mtumbira wina, n'kuloza. Amayi anapukusa mutu. Anati pamenepo pagona a Jailosi, aja ankakonza njinga pakomboni. Pa bambo panali pachitatu kuchokera pamenepo. Munthu wamkulu ine, imvi zayamba kale, wolemba m'nyuzipepala sabata ndi sabata ngati wodziwa zonse, ndikanayala miyala yochokera kutali chotero pamanda a munthu wina. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zikundipwetekabe.

Tinalambula n'kuyamba kuyala timiyala tija m'mbali mwa mtumbira. Tili mkati, panadutsa bambo wina atasenza fosholo ndi thumba. Anaima, kupereka moni mwaulemu, n'kuwerama kutola kamodzi. Anakanyowetsa ndi malovu, kukatembenuzira kudzuwa, n'kunena m'Chishona kuti gogo, umu mulibe mari, kutanthauza ndalama. Anakabweza pomwe anakatola n'kumapita. Amayi anayang'ana ine, ndipo ndinakumbukira mmene ndinawasekera kugombe kuja.

Nditafuna kukhuthula miyala yotsala m'thumbamo, anandigwira dzanja.

"Imeneyo usaikhudze, ndi yanga. Ikakhale kunyumba kwako, osati kwanga. Tsikulo likadzafika udzawerenge kuchokera pa bulugamu. Usadzandigoneke kwa a Jailosi."

Ndinalimanganso thumbalo.

Thumbalo ndinabwerera nalo ku Kadoma lili theka. Ndaliika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ndipo m'mawa uliwonse ndimaliona ndikamatenga nsapato. Zithunzi zonse zimene ndinajambula kugombe kuja zikadali m'foni, sindinazitsegulenso. Loweruka likubwerali ndikupita ku Chakari ndi ana anga awiri, amayi akadali ndi mphamvu zoyenda, kuti nawonso akaphunzire kuwerenga mitumbira kuchokera pa bulugamu.

Nanga inu amene mukuwerenga, atakuimikani lero pakati pa udzu umenewo n'kukuuzani kuti loza, mungaloze pati?