Mlombwa Umene Sunafike ku Chiuta

Amuna anga analiyamba boti lija ndi kamtengo, pafumbi la pakhomo pathu ku Chikweo. Ankasalaza dothi ndi phazi, n'kujambula, n'kufufuta, n'kujambulanso. Ine ndikafika ndi tsache ankakuwa ngati ndaponda mwana.

"Mayi a mwana, mwasesa mutu wa boti!"

"Nanga ndisiye zinyalala chifukwa cha boti la nyerere?"

Ndinkawaseka, koma mumtima ndinkalifuna botilo kuposa eni ake. Zaka zimenezo amuna a m'mudzi mwathu ankangothera ku Joni, kumigodi. Ena ankabwerako ndi njinga ndi chifuwa, ena osabwerako n'komwe. Anga anali atandiuza poyera kuti chimanga ndi thonje sizitisunga. Boti likatheka akhala, azipha makumba ndi milamba kunyanja ya Chiuta. Likakanika, akalembetsa ulendo.

Bwato wogoba anaukana, ati sungathe kusenza ukonde ndi anthu. Ankafuna la matabwa, la pansi pophwatalala, poti Chiuta ndi nyanja yosaya, yodzaza udzu. Anayenda wapansi mpaka ku Nselema kukafunsa mmisiri wina wachiyao, ndipo anabwerako pakamwa pali mitengo yokhayokha. Bulugamu iyayi, amang'aluka. Mkungudza ndi wabwino, koma uli ku Mulanje, tikautenga ndi chiyani? Nthiti za boti zikhale za mbawa, pansi ndi m'mbali mlombwa, chifukwa suwola msanga m'madzi. M'mipata adzatsekamo thonje ndi phula. Ndinamva zimenezi mpaka makutu kuwawa.

Mlombwawo anaupeza kuphiri. Mbuzi zathu zinapita kwa ocheka matabwa ngati malipiro, ndipo amuna anga eni ake ankalowa m'dzenje kukoka sowo chapansi, n'kubwera maso ali psuu ndi utuchi. Matabwa atafika anawasanja pakhonde, atayika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Mmisiri uja anali atanena kuti aume pamthunzi, pang'onopang'ono, mpaka chaka chitembenuke.

Pakhonde! Aliyense wopita kuchitsime ankawaona.

Chikuku chitalowa m'mudzi, woyamba kutisiya anali mwana wa msuweni wanga. Atsibweni anga, achimwene awo a mayi, amene mbumba yonse inali m'manja mwawo, anafika n'kukhala pansi pafupi ndi matabwa aja.

"Akamwini, zatigwerazi mwazimva. Mwanayu tigoneka m'chiyani?"

Amuna anga anali mkamwini. Nyumba inali pamalo athu, munda wa makolo anga. Akanati chiyani? Anasolola thabwa limodzi la m'mbali, n'kupereka ndi manja awiri. Ine ndinapsa mtima kukhitchini mpaka kuswa chipande, koma nanenso ndikanakana bwanji? Womwalirayo anali magazi anga. Maliro n'kulirana.

Njira inatseguka basi. Ana anatsatana nyengo imeneyo, kenako nkhalamba ina. Ngakhale anzathu Asilamu, amene saika munthu m'bokosi, anadzapempha zidutswa zotchingira m'manda. Palibe anabwera mwachipongwe, onse ankabwera akulira, ndipo n'chimene chinkandipweteka kwambiri. Wakuba umamukuwira. Nanga wamaliro ungamutani?

Tikachoka kumanda, amuna anga ankasalazanso fumbi lija n'kujambula boti lina, lalifupi kuposa loyamba.

"Ili ndiye labwino," ankatero. "Lopepuka, munthu mmodzi akankha yekha ndi nsungwi."

Sindinkasekanso. Ndinkasesa molilambalala.

Anatsala matabwa aataliatali a pansi, amene anawasankha okha kuti alibe mfundo kapena mng'alu. Ndine ndinaumirira kuti alowe m'nyumba. Tinawakweza pamitanda ya denga, ndipo ndinalumbira kuti wodzapempha amenewa adzandidziwa, kaya ndi atsibweni kaya ndani.

Mvula ili mkati, mayi anga anadwala masiku ochepa, n'kumwalira.

Palibe anabwera kudzapempha. Atsibweni anachita manyazi, ndipo ndinamva amuna akunong'onezana panja kuti angowakulunga mumphasa. Ndinali m'siwa pakati pa amayi, ndikudziwa pamene matabwa ali. Ndinkafuna mayi anga agone m'bokosi ngati anthu. Ndinkafunanso amuna anga akhale. Sindinatume munthu kukanena chilichonse.

Kenako ndinamva sowo kuseri kwa nyumba yathu.

Amuna anga, munthu amene sanakhalepo mphasa imodzi ndi apongozi ake, amene ankapatukira kutchire akakumana nawo panjira, analowa m'siwa atawerama n'kuyeza thupi la mayi ndi bango. Bokosi lija anthu analiyamikira, ati mlombwa wotere sanauonepo. Ndinalira mpaka mawu kutha, ndipo amayi ondigwira ankayesa ndikulirira mayi okha.

Titakolola, amuna anga anakalembetsa ulendo wa ku Joni. Ndinawapempha kuti tiyambirenso, koma mbuzi kunalibe, ndipo mlombwa wina wotere unali kutali. Anandiyankha mofatsa kuti akabwerako agula matabwa ocheka kale. Sanabwerekonso. Mpaka lero sindidziwa kumene anagona, kaya m'bokosi kaya ayi.

Tsiku la ulendo ndinawaperekeza mpaka pamsewu pokwerera lole. Pobwerera ndinatenga tsache, monga mwa masiku onse, kuti ndisese molambalala boti lija. Ndinapeza pabwalo pali mbee. Anali atasesa okha.