Zala za Mwana Wanga Woyamba

Mwana wathu woyamba anabadwa m'nyengo yotentha, nthawi imene ku Nsanje ngakhale mbuzi zimachita ulesi kulira. Zinali zaka zija pa boma panadzaza anthu othawa nkhondo ku Mozambiki, moti m'chipatala amayi ena ankachirira pansi. Ine ndinali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale, wosavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ndinkadziyesa munthu wodziwa zinthu.

Namwino anatuluka n'kundiuza kuti ndi wamkazi, kenaka anayang'ana pansi. Atandilowetsa anafunyulula kansalu n'kundionetsa dzanja lamanzere la mwanayo. Zala zinalipo zonse, koma zinayi zinali zomatana, khungu litazilumikiza mpaka kunsonga. Chachikulu chokha ndiye chinali pachokha. Mwana analira bwino, anayamwanso bwino. Namwino anati madokotala a ku Blantyre amatha kulekanitsa zala zotere mwana akasinkhuka. Ndinapsompsona kadzanjako n'kumuuza mkazi wanga kuti palibe chovuta, ndipo tsiku limenelo anandikhulupirira.

Amayi anga anafika pa sitima kuchokera ku Tengani ife titatuluka kale m'chipatala. Kwathu timalowola, choncho mwana ndi wa kuchimuna, ndipo za m'chikuta mwini wake ndi mpongozi. Anamutenga mdzukulu wawo, anamutembenuza uku ndi uku, ndipo atafika pa dzanjalo analiyang'anitsitsa. Kenaka anatembenukira kwa mkazi wanga n'kumuuza m'chilankhulo cha kwathu kuti anene zoona.

"Longa, mwananga. Unadya ninji uli ndi pakati?"

Mkazi wanga anali mwana wa asodzi a kudambo la Ndindi, munthu wosadziwa kunama ngakhale pofuna kudzipulumutsa. Anaulula kuti atapita kwawo mimba itakula, mlongo wake anakola tsekwe, nkhuli inamugwira, anadyako.

"Ndi pyenepyo," anatero Amayi, akutambasula kadzanja kaja pachikhatho chawo. "Phazi la tsekwe ili. Waliika wekha pa mwana."

Sanakalipe, sanamuthamangitse. Bola akanakalipa, pakuti mawu aukali munthu amawabweza. Awa anangolowa n'kukhazikika. Kuyambira tsiku limenelo mkazi wanga analeka kudya. Sikuti ankanyanyala ayi. Ankatenga supuni ya phala la mapira, kuifikitsa pamlomo, n'kuibweza m'mbale. Ankati pakamwa pake ndi pamene panapundula mwana, ndiye chakudya chikafika pammero chikukana kutsika. Ankangokhala pamphasa atayang'ana khoma, mwana ali pambali.

Mawere anayamba kuuma. Mwana ankayamwa, kusiya, kulira, kuyamwanso, mpaka kulirako kunasanduka kamawu konga ka mphaka. Ndinazungulira magolosale onse kufuna mkaka wa m'chitini, ndipo umene ndinaupeza unamutsegula m'mimba. Kuchipatala anatipatsa madzi a mchere ndi shuga n'kunena zimene ndinkazidziwa kale, kuti mankhwala a mwanayu ndi bere la mayi wake, mayiyo adye. Liwombo linalowa. Ndinkaliyang'ana m'mawa popita ku sukulu, ndipo m'kalasi ndinkalemba pabolodi zinthu zimene sindikuzikumbuka, khutu lili kunyumba kumvetsera ngati kwayamba maliro. Ndinali ndi mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Ndinayesa zonse zimene mwamuna wopusa amayesa. Ndinakalipa, ndinaswa mbale, ndinagwada. Amayi nawo anachita mantha ataona kumene mawu awo afika, anayamba kumunyengerera mpongozi wawo kuti zachitika zachitika, adye. Koma kubweza mawu aja sakanatha, chifukwa kwa iwo chinali choonadi. Ine ndinamuuza mkazi wanga kuti dzanja la mwana limaumbidwa mimba ili yaing'ono, mwezi wachiwiri usanathe, pamene tsekwe uja anamudya dzanja litatha kale. Anandiyankha osatembenuka.

"Inu, bambo, mumadziwa za m'mabuku. Amayi amadziwa za ana."

Zimene ndinkadziwa nthawi imeneyo zinali zochepa, koma zinali zoona, ndipo zimene ndawerenga nditapuma ntchito zangowonjezera pomwepo. Thupi limamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'selo iliyonse muli ulusi wautali umene pali malangizo onse a kaumbidwe ka munthu. Ulusiwo ndi umodzimodzi m'diso, m'chiwindi ndi m'chala. Kusiyana kwake n'kwakuti ndi wokulungidwa, pena mothina, pena momasuka, ndipo pothina sipawerengeka. Akatswiri ulusi wokulungidwawu amautcha kromatini. Mkono ukamamera, malo ena a ulusiwo amamasuka motsatana, poyamba za phewa, kenaka za chigongono, pomaliza za zala, chilichonse pa nthawi yake. Malangizo amenewa ndi akale kwambiri. Ndi omwewo amene amaumba phiko la nkhuku ndi chipsepse cha nsomba, ndipo ngakhale njoka ili nawo, kungoti chowatsegulira kuti miyendo imere chinafa kalekale m'mtundu mwake. Pena pakachedwa kumasuka, kapena pakatsekeka msanga, ntchito imatsala yosamaliza. Palibe tsekwe amene angalowe m'menemo.

Ndinayesa kumufotokozera mkazi wanga ndi za kwawo. Ndinati aganize za ukonde wa bambo ake mmene amaupindira m'bwato, kuti poponya uzitsika mbali ndi mbali, ndipo pakakodana pamodzi nsomba za pamenepo zimadutsa popanda amene walakwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati ukonde ukakodana bambo ake amafunsa amene anaupinda.

Apa m'pamene ndinaganiza za mazira. Kuseri kwa nyumba ndinali ndi nkhuku ziwiri zathadzi zofungatira, ina inayamba msanga, ina mochedwerapo. Ndinati munthu akakana za pakamwa, za m'maso sangakane. Sindinafunse aliyense, ndipo paja nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Loweruka masana ndinatenga galasi lokulitsa zinthu la ku sukulu, mbale ziwiri ndi madzi ofunda, n'kuyala zonsezi pakhonde. Mkazi wanga ndinachita kumunyamula kuti atuluke, pakuti miyendo inalibe mphamvu. Amayi anakhala pambali pake atafukata mwana.

Ndinaswa dzira loyamba mosamala n'kutsanulira m'mbale. Kamwanapiye kanali kopindika, mutu waukulu, diso lakuda, mitsempha ya magazi itayala pa chikasu chonse. Mtima wake unkagunda poonekera. Ndinatambasula kamwendo ndi nsonga ya singano n'kuikapo galasi.

"Taonani, Amayi. Iyi ndi nkhuku, si tsekwe, koma phazi lake ndi lomatana. Taona nawenso, mayi a mwana."

Ndinaswa lachiwiri, la thadzi loyamba kufungatira lija. M'menemo zala zinali zitalekana, chilichonse pachokha. Ndinalankhula ngati ndili kutsogolo kwa kalasi, thukuta lili chuchuchu. Ndinati tonsefe timayamba chonchi, nkhuku, mbuzi, iwo, ine, manja athu ali ngati nkhafi, kenaka khungu la pakati pa zala limasungunuka lokha mimba ikadali yaing'ono. Kwa mwana wathu pena sipanamasuke pa nthawi yake, khungulo n'kutsala. Ndinabwereza kuti mimba ikadali yaing'ono, kuti amvetse kuti tsekwe anabwera mochedwa.

Amayi sanayang'ane phazi ngakhale pang'ono. Maso awo anali pa kamtima ka m'mbale yoyamba, kamene kanayamba kugunda mwa apo ndi apo, mpaka kanaima tonse tikuona. Anamuphimba mwana kumaso ndi nsalu.

"Dzira ndi nyumba yopanda khomo," anatero. "Ukuyesa Mulungu anachita kuiwala khomolo? Aka n'koyamba kuchita zimenezi?"

Kunyada n'koipa. Ndinayankha kuti ayi, ndimachita chaka ndi chaka ndi ana a sukulu, ndipo m'chigawo chonse palibe mphunzitsi wina amene amaonetsa ana zimenezi ndi maso.

"Chaka chino unachita lini?"

"Nthawi ya dzinja, mapira asanache."

Ndinamva mawu angawo akugwa pansi ndisanatseke pakamwa. Nthawi ya dzinja ndi pamene mkazi wanga anayamba kusanza m'mawa. Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Walonga wekha kuti dzanja limaumbidwa mimba ili yaing'ono. Mwamuna wa mkazi wapakati sasuzumira zosabadwa, nkhabe. Mmisiri ukamusuzumira ntchito ili pakati amaisiya. Iwe unkatsegula mazira uko, kuno woumba mwana wako anachotsa manja."

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinali ndi mayankho odzaza m'kamwa: kuti aphunzitsi dziko lonse lapansi amaswa mazira ana awo n'kubadwa bwinobwino, kuti pakati pa mbale ya ku sukulu ndi mimba ya kunyumba palibe njira, kuti kumeneku n'kungosamutsa bodza kulichotsa pa tsekwe kuliika pa nkhuku. Ndinadzuka kuti ndinene zonsezo. Podzukapo ndinaona nkhope ya mkazi wanga. Kwa nthawi yoyamba chifikire Amayi, anali atadzutsa mutu. Ankandiyang'ana ine, ndipo m'maso muja, mmene munali mutazima masiku onsewa, munali moto.

"Bambo, ndi zoona? Munkaswa mazira ine ndili ndi pakati?"

"Ndi zoona."

"Ndiye si tsekwe?"

Mwana anatulutsa kamawu kake kofooka kaja pansi pa nsalu. Ndinayang'ana galasi m'dzanja langa, ndinayang'ana mbale ziwiri zija, ntchentche zitayamba kale kutera. Ndinakhalanso pansi.

"Si tsekwe," ndinatero. "Ndine."

Anandilalatira mawu amene sindingawalembe. Anati ndinamusiya akudzipha ndi njala pamene mwini mlandu ndinali kuvala tayi m'mawa uliwonse. Analira mpaka mawu anasasa, kenaka analanda mwana m'manja mwa Amayi n'kulowa m'nyumba akudzandira, osafuna kuti ndimugwire. Amayi anakwirira tianapiye tija kuseri kwa khola n'kundichenjeza kuti nkhaniyi isatuluke pakhomo. Masiku amenewo mphekesera yoti mphunzitsi akuchita zachilendo ndi mazira ikanafika kwa akuluakulu a chipani dzuwa lisanalowe, ndipo amene ankatengedwa ndi anthu amenewo sankafunsidwa za sayansi.

Madzulo ake mkazi wanga anadya. Ndinali panja, koma ndinkamva supuni ikukanda pansi pa mbale, kenaka mawu ake akuuza Amayi kuti awonjezere. Ankadya mwaukali, ngati akundilanga nako kudyako. Amayi anamuphikira phala lothira nsinjiro, anapita okha kudooko kukagula mlamba woti amwe msuzi wake. Mkaka sunabwere tsiku limodzi. Panapita masiku amene ndinkaopa kuti tachedwa, ndipo ndinkapemphera mapemphero opanda mutu, ine amene ku tchalitchi ndinkangoperekeza mkazi. Kenaka tsiku lina ndikuchokera ku sukulu ndinamva kulira kwamphamvu ndili pamsewu, kulira kwa mwana wokhuta amene wangokwiya. Ndinatsika panjinga n'kukhala pansi pa mtengo.

Mwanayo anakula. Zala anakazilekanitsa ku Blantyre asanayambe sukulu, ziwiri zinawongoka bwino, ziwiri zinatsala zopindika, ndipo ndi dzanja lomwelo walera nalo ana ake. Ine sindinaswenso dzira m'kalasi. Mkazi wanga atatenga mimba yachiwiri anandilumbiritsa pamaso pa Amayi, ndipo phunziro lija ndinkangolijambula ndi choko, ana n'kumayasamula. Ana athu otsatira anabadwa ndi zala zolekana bwinobwino, zimene kwa iye zinali umboni wokwanira.

Kangapo konse ndinafuna kuitsegulanso nkhaniyi, makamaka Amayi atamwalira. Ndinkayamba ndi kukhosomola, mkazi wanga n'kundiyang'ana, ine n'kufunsa za mbuzi. Ndinkadziwa kuti ndikauchotsa mlanduwu pa ine sukagwera pansi. Mkazi wanga sankakhulupirira kuti chinthu chotere chingachitikire mwana popanda wochititsa, ndipo m'nyumba muja ochititsa tinalipo awiri okha. Kunena zoona, zinkandipweteka. Tinkakondana, tinkaseka, koma mwana uja akabwera kusukulu akulira kuti anzake amuseka dzanja, mayi ake ankamupukuta misozi akundiyang'ana ine.

M'matenda omaliza a mkazi wanga, tsiku lina masana titatsala awiri m'chipinda, anandiitana kuti ndisendere pafupi. Anagwira dzanja langa n'kumasisita zala chimodzichimodzi.

"Bambo, za mazira zija," anatero. "Musamadzizunze nazo. Munali mwana, simunkadziwa. Ine ndinakukhululukirani kalekale."

Anali akumwetulira, mtima uli m'malo, ngati munthu amene wapereka mphatso imene anaisunga nthawi yaitali. Ndinamuyang'ana.

"Zikomo, mayi," ndinatero.