Tsiku Limene a January Anakana Kugwa Pachulu

Ku Lirangwe kuno palibe amene sawadziwa a January, aja oyenda motsimphina, amene mpaka chaka chatha anali kapitao pa esiteti ya fodya kunjira ya ku Chileka. Mwendowo anavulala ku Bama, pa nkhondo ya Ajapani. Kumeneko kunali phiri limene adani anakumbamo maenje n'kutchinga ndi zipika, mfuti zitaloza kunsi. Asilikali athu analikwera chokwawa katatu, katatu konse n'kubwezedwa. Ulendo wachinayi anafika pamwamba, koma a January akati anene za tsikulo amayamba alavula kaye. Amati anangopezako ntchentche, ndi fungo limene linawakanitsa nyama chaka chathunthu. Msuweni wawo Isaki anagona pakati pa phirilo masiku asanu, padzuwa, osaikidwa.

Mwini esitetiyo, mzungu, nayenso anapita kunkhondoko, koma ankakhala mu ofesi ya katundu. Ndiye anawapatsa ukapitao, nyumba ndi kamunda kuseri kwa zigafa. Chaka chatha kutabwera alendo ake ochokera ku Halale, anafuna kuwasangalatsa. Anaikitsa mipando pamthunzi moyang'ana chulu chachikulu, nauza antchito kuti atenge mipini ya makasu ngati mfuti, aonetse mmene phiri lija linagonjera.

"Iwe kapitao utsogolere," anatero. "Ukafika pakati ugwe, ufe bwinobwino, madona aone."

A January anayang'ana madonawo, makapu a tiyi ali m'manja, kuseka atayamba kale. 

"Bwana, kwathu kuno munthu wamoyo sadzigoneka ngati mtembo. N'kulaula kumeneko, maliro amabweradi."

"Ndi masewera chabe. Ukakana, nyumba ija utulukemo."

Wosankha fodya wina dzina lake Lekani, amene ukapitaowo ankaulakalaka kalekale, anawakodola ndi chigongono. "Tangogwani, achimwene. Loweruka ku kachasu simugwa kodi? Lero ndiye pali ndi okuomberani m'manja."

"Igwa ndiwe, msana wako ngozolowera pansi."

Komabe a January ananyamula mpiniwo. Chimanga cha m'kamunda kaja chinali chitamasula, ndipo akazi awo, a Getrude, anali atangozira nyumbayo. Anakwera motsimphina, anzawo akulira ndi pakamwa ngati mfuti, mpaka anafika pakati. Apo anaima. Anakumbukira mmene anamupezera Isaki, kukamwa kuli yasa, ntchentche zikulowa ndi kutuluka. Pansipa dona wina anali atakonza kale kamera.

Anaika mpini pansi mwaulemu, natsikira kuseri kwa chulucho, osacheuka. Lekani ndiye anagwa m'malo mwawo, kawiri konse, miyendo ikuphiriphitha, alendo mpaka kupukuta misozi ndi kuseka.

Pano a January amakhala kwawo kwa a Getrude, cha ku Mdeka, ndipo amasoka matumba pamsika. Chimanga chija anakolola ndi Lekani.