Pakhoma pa amalume safufuta munthu

Amalume anga ndi olemba zikwangwani. Nkhuku zonenepa za pamagolosale ndi mitu yosalala ya pamalo ometera, zambiri ndi dzanja lawo. Koma ntchito ya pamtima pawo ili pakhoma la kuseri kwa shopu yawo: chithunzi cha banja lonse, aliyense pamsinkhu wake weniweni.

Amalume safufuta. Amati penti yoyera ndi yabodza, mvula ikagwa zakale zimasuzumira. Choncho munthu akachoka pakhomo amamusandutsa chinthu. Akazi awo atamwalira anasanduka mtengo wamaluwa, mpango uli kumutu. Mwana wawo woyamba atapita kutali kukagwira ntchito anasanduka kabati, poti mapewa anali a kabati kale. Ine pobwera kuchokera kunja ndinapeza ndili fani.

"Bwanji fani, amalume?"

"Mutu uku, mutu uko, mphepo yokhayokha. Ndanama?"

Ndinawauza kuti kumene ndinali, khoma lotere anthu amachita kulipira kuti alione. Anati ndiwaitane, koma abwere ndi penti yofiira.

Pakhomapo anthu anatsala awiri: amalume ndi mwana wawo wotsiriza, msuweni wanga, namwino wosasowa chonena. Naye anapeza banja. Ukwati utayandikira tinapeza amalume akutakasa penti yotuwa.

"Bambo, imeneyo ndi yachiyani?" anafunsa msuweni.

"Firiji. Msinkhu wako ukukwana bwino."

"Ine firiji? Yesani muone! Achimwene munawachita kabati, pano ndi foni yomwe saimba."

"Ndiye uziima pamenepo ngati ulipo, chonsecho kulibe? M'mawa ndikapereka moni ndizidikira yankho ngati wopenga?"

Sitinkadziwa kuti mkuluyu amapereka moni kukhoma. Msuweni anapukuta m'maso, kenako anavundikira chitini cha penti yotuwayo n'kuchikhalira.

"Mukafuna penti yanu mundinyamule."

Amalume anayang'ana mwana, anayang'ana khoma, anakanda m'mutu ndi burashi. Kenako anatsegula zitini zina. Pamalo pamene msuweni anaima pachithunzipo anapasandutsa chitseko chotsegula. Atatero anadutsa pothera khoma lawo, n'kuyamba kumujambulanso pakhoma la telala woyandikana nawo: chikwama m'manja, phazi limodzi m'mwamba, nkhope itacheukira kwa bambo ake.

Telalayo anatulukira, tepi ili m'khosi.

"Akulu, akulu! Khomatu ili ndi langa!"

"Akungodutsa, bwana, musaope."

"Adutsa liti?"

"Funsani mwini wake. Ine pakamwa pake ndinapalephera."

Msuweni anadzuka pachitini, anayandikira, anapendeketsa mutu.

"Mphunoyi mwaikulitsa, bambo."

"Ndi yanga imeneyo. Upite nayo."