Phazi la Jun Papepala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinabwera kudzakhala ndi amayi ku Greenbelt, kutsidya kwa nyanja, ndipo chanzeru chimene ndinabwera nacho chinali chimodzi chokha: kunenerera. Lusoli ndinalitola ku Limbe, pa benchi ya amalume anga ogulitsa kaunjika, kumene ndinkaswera sukulu ikatsekera. Malamulo ake ndinkawadziwa kuposa khumi aja a ku Sande sukulu. Chinthu ukachifuna, usachiyang'ane kawiri. Chipezere chilema ngakhale chilibe. Ndipo lalikulu pa onse: wogulitsa akapanda kunena kuti "ayi", wavomera kale, kwangotsala kumukankha pang'ono.

Amayi anali namwino, ndipo ankaweruka mochedwa. Kukhomo loyang'anana ndi lathu kunkakhala mnzawo wa kuntchito, Anti Luz, wochokera ku Philippines, pamodzi ndi bambo awo okalamba amene tonse tinkawatchula kuti Lolo, ndiye kuti agogo aamuna m'chinenero chawo. Ndikachoka kusukulu ndinkafikira kwa a Lolo. Panalibe pangano lililonse. Ankangonditsegulira, n'kundiikira mpunga ndi nkhuku yophikira viniga ndi adyo, imene fungo lake linkandichingamira ndili pamasitepe. Popanda khomo limenelo, sindikudziwa kuti amayi akanagwira bwanji ntchito.

Pakona ya balaza lawo panali chikatoni chofika m'chiuno mwanga. Miyezi yonse chinkangodya: sopo, matawulo, nyama ya m'zitini, chokoleti, mankhwala otsukira mano. Chikakhuta ankachimata tepi, n'kuchitumiza pa sitima ya pamadzi kwa abale awo kumudzi. Ine ndinkachiyang'ana ndi diso la ku Limbe, ngati belo la kaunjika losatsegula.

Loweruka lina nyengo yotentha, anthu a m'mafulati athu anayala matebulo pakapinga kugulitsa zinthu zimene nyumba zatopa nazo. Kuno amati yadi selo. Abale, ndinamva ngati ndafika kwathu! Anthu ankangopereka mtengo umene walembedwa, osatsutsa n'komwe, ine n'kumawamvera chisoni. A Lolo nawo anali ndi tebulo lawo la makapu ndi timitengo ta tsabola ta m'miphika. Koma diso langa linagwera pansi pa mpando wawo. M'jumbo munali nsapato za basiketibo, zoyera, za mizere yofiira, zovalidwa mwina kawiri kokha.

"Lolo, izi bwanji?" ndinafunsa m'Chingerezi changa cha ku Limbe, nditazitulutsa kale.

Anaseka. "Aa, izo... tiona, mwana wanga."

"Tiona" ku Limbe ndi chitseko chotsegula. Ndinalowa ndi mapazi onse. Ndinati chidendene chayamba kudyeka, zingwe si zake, ndipo wina aliyense sangazigule. Anthu anayamba kuima. Panali amayi awiri achifilipino, ndi bambo wina wa ku Zambia wa fulati yapansi, amene anakuwa, "Ka mufana aka ni ka bizinesi maningi!" Mutu wanga unakula pomwepo.

"Mwina zikukulira," anatero a Lolo.

"Ndikula nazo."

"Mwina tikupezere zina sabata yamawa."

Lero ndimaona kuti mkuluyo ankanditsegulira makomo oti nditulukire ndi ulemu wanga. Tsiku limenelo khomo lililonse ndinkaliwerenga ngati mtengo ukutsika. Ndiye ndinatulutsa chida chomaliza cha amalume, chonyamuka monyanyala. Ndinaponya jumbo pampando, n'kunena mokweza kuti onse amve: "Chabwino. Ine ndimayesa ndine mdzukulu wanu."

Amayi awiri aja anayang'ana pansi. Ndisanaponde kachitatu, a Lolo anandiitana, n'kundiika jumbo m'manja. Tindalama tanga anatikankha. "Tenga, ndi zako," anatero, akumwetulirabe, koma makutu atafiira. Ine ndinangoona kumwetulirako. Ndinakwera masitepe ndikulakalaka amalume akanandiona: katundu waulere, pamaso pa mboni!

Nsapatozo zinali zazikulu ndithu. Masana amayi atafika, anandipeza ndikufuna kutsendera masokosi kutsogolo kwake, ndipo dzanja langa linakhudza pepala lopindidwa. Nditalitambasula, panali phazi la munthu lojambulidwa ndi bolopeni, mzere wake wonjenjemera pozungulira zala. Pakati panalembedwa dzina: Jun.

Amayi anakhala pansi osavula n'komwe yunifolomu. "Iwe Kondwani, wazitenga kuti nsapatozi?"

Ndinafotokoza monyadira, osasiyako ngakhale za bambo wa ku Zambia. Sanandikalipire, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa. Anandiuza kuti Jun ndi mdzukulu wa a Lolo wa kumudzi kwawo. Kumeneko mwana akafuna nsapato satumiza nambala, chifukwa manambala amasiyana dziko ndi dziko. Amaponda papepala, n'kulijambula phazilo, n'kutumiza. A Lolo anali atayenda ndi pepalalo m'thumba milungu yambiri, akuliyesa m'nsapato iliyonse, mpaka m'mawa umenewo pamene anapeza zokwana pa tebulo la munthu wina. Ndipo katoni inali yoti inyamulidwe Lachiwiri.

"Koma sanakane!" ndinatero.

"Akanakukana bwanji pagulu, iwe utadzitcha mdzukulu wawo? Kwawo ali ndi mawu akuti hiya. Ndi manyazi, koma osati odzimvera wekha ayi. Ndi kuopa kuchititsa mnzako manyazi. Analolera kuti Jun ayende wopanda nsapato kusiyana n'kuti iwe utsike pamaso pa anthu." Kenaka anandiyang'ana m'maso. "Ndipo usanamizire kuti n'zachilendo. Kwathu komwe, wamkulu akati 'tiona', mwana woleredwa amamva."

Ndinati basi ndikazisiya pakhomo pawo, ndigogode, ndithawe.

"Ayi. Kuwabwezera mphatso ndi kuwamenya khofi lachiwiri. Unazitenga ndi pakamwa pakopo, ukazibweze ndi pakamwa pomwepo, iwo osatsika ulemu. Ndipo usakaname. Ukalephera, khomo lija usadzagogodenso, chifukwa ine sindingamuyang'ane Luz kumaso."

Mawa lake titachoka kutchalitchi ndinagogoda, jumbo ili kumsana. Ana achifilipino akafika kwa wamkulu amatenga dzanja lake n'kuligunditsa pamphumi pawo. Ndinali nditawaona kambirimbiri, n'kumaseka chamumtima. Tsiku limenelo ndinawerama, n'kutenga dzanja la a Lolo, lolimba ndi lonunkhira adyo, n'kuliika pamphumi panga. Anadabwa, koma sanalichotse.

Ndinayala pepala lija pansi, ndinavula sokosi, n'kupondapo. Phazi langa linali m'kati mwa phazi la Jun ngati khanda m'bafa.

"Lolo, nsapatozi zandikana."

"Ukula," anatero.

"Pofika nthawi imeneyo Jun adzakhala atakwatira."

"Vala masokosi awiri."

"Ndavala atatu. Ndikuyenda ngati bakha."

Anaseka mpaka kutsokomola, koma anapukusa mutu. "Mphatso sibwerera, mwana wanga."

Ndanenererapo zinthu zambiri pa moyo wanga, koma sindinatulukepo thukuta ngati tsiku limenelo, pokakamiza munthu kuti alandire katundu wake yemwe. Mkuluyo anali katswiri kuposa amalume, kungoti ankakokera mbali inayo. Ndinaima pamenepo, phazi limodzi lili papepala, mpaka nzeru inabwera.

"Ndiye sizikubwerera kwa inu," ndinatero. "Munati ndi zanga, si choncho? Ndiye ndikumupatsa Jun ineyo. Inu mungondipatsako malo m'katoni."

Kumwetulira kwa dzulo kuja kunachoka, n'kubwera kwina kumene ndinali ndisanakuonepo, kochokera m'maso.

"Malo m'katoni muja ndi ovuta," anatero. "Uyenera kuikhalira pamene ndikumata tepi."

Ndisanachotse phazi, anagwada movutikira, anatenga bolopeni m'thumba la malaya, n'kujambula phazi langa m'kati mwa la Jun. Bolopeniyo inkandigirigisha pakati pa zala. Anandiuza kuti ndilembe dzina langa pamenepo, kuti Jun adziwe wamupatsa. Pepalalo analibwezera m'nsapato.

"Pepani za dzulo, Lolo," ndinatero.

"Dzulo kunatentha kwambiri," anayankha, akupita kukhitchini. "Tiye tidye."

Nkhaniyo sanaitchulenso, ngakhale kwa Anti Luz. Lolemba ndinakhalira katoni, iwo akuizunguliza tepi mpaka inaoneka ngati wodwala wothyoka thupi lonse, ndipo khomo lawo linanditsegukirabe zaka zonse mpaka ndinamaliza sekondale.

Lero ndimagula ndi kugulitsa magalimoto akale ku Bowie, ndipo musaganize kuti ndinalapa. Ndimanenererabe moti mkazi wanga amakana kulowa nane m'sitolo. Ndikakumana ndi mnzanga wa pakamwa ngati ine, timakokana mpaka khofi kuzizira, ndipo tonse timapita kwathu okondwa. Kumeneko palibe tchimo. Koma lamulo lalikulu la amalume lija ndinalisintha. Ndimanenerera ndi munthu yekhayo amene angathe kundikana. Akabwera mayi wamasiye ndi galimoto ya malemu mwamuna wake, kapena mnyamata wongofika kumene amene akunditchula kuti ankolo, n'kumwetulira n'kunena kuti "mmene mukuoneramo", ndimadziwa kuti pamenepo msika watha, kwatsala ine ndi khalidwe langa. Kupambana munthu amene wamangidwa manja ndi ulemu si luso. Ndi kuba kumene wobedwayo amakuthokoza.

Ana anga obadwira kuno amati munthu azingonena "ayi" momveka, nkhani ithe. Mwina akunena zoona, dziko lingapepuke. Koma ine ndinadyapo mpunga wa munthu amene analolera kutaya chimene anachifunafuna milungu yambiri kuti mwana wamwano wa eni asachite manyazi. N'chifukwa chake mpaka lero wina akandiuza kuti "tiona", ndisanatsegule pakamwa, ndimayamba ndapisa dzanja m'nsapato kuona ngati mulibe phazi la munthu wina.