Jekete ya a Kingi

Ndikukumbukira fungo la simbi ya makala ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Landibwerera Lamulungu lapitali ku tchalitchi kwathu kuno kunja, ku Woodbridge, pamene mkulu wina anaimirira n'kunena kuti ulemerero wafika pakhomo pake, wagula galimoto yatsopano. Anthu m'manja phuphuphu. Pobwerera mwana wanga Tadala anandifunsa m'Chingerezi kuti ulemerero n'chiyani. Ndinangoti, "Si galimoto." Mtima unali utawira.

Sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma mawu amenewa ndimawadziwa. Ndinawaona ndi maso.

Bambo anga anali tenanti. Sabata yonse ankanunkha fodya, zikhatho zakuda ndi phula lake, kapitawo akuwaitana ngati mwana. Koma pa mganda iwo ndiwo anali a Kingi. Anali ndi jekete yoyera ya mabatani amkuwa, yomwe inkagona m'sutikesi, pamene ife tinkagona pa chiguduli. Amayi ankaisita atayala kansalu pamwamba, kuopa phulusa. Akaivala bambo, ndodo m'khwapa, wezulo pakamwa, khosi linkauma ngati ameza mtengo. Ngakhale ife ana awo sankatiyang'ana. Anyamata m'mizere kumbuyo kwawo, malipenga a zipanda akulira, fumbi kobo. Amayi ankangoti, "Taonani ulemerero." Sankanena za nsalu ayi. Ankanena za munthu woti akaponda, onse aponda.

Kenako chifuwa chinawagwira. Anaonda mpaka jekete ija inkalendewera pa mapewa. Chimodzi chokha anapempha: adzawaike m'manda ataivala, monga ankachitira ndi a Kingi onse.

Tsiku la maliro amayi anaisita akulira, misozi ikuchita tsii pa simbi. Asanaipereke kwa adzukulu, anafika ang'ono awo a bambo, a Fulaye, munthu amene sanabwere n'kamodzi komwe pa matenda.

"Alamu, nsalu yabwino chonchi mukadyetse chiswe? Bweretsani kuno."

Amayi anagwada, anawauza mawu a malemu. Akuluakulu anayang'ana pansi. A Fulaye anaivala pomwepo, ikadali yofunda, manja ake akulekeza m'zigongono. Bambo anakulungidwa mu mphasa ndi malaya awo a kumunda.

A mganda atafika, a Fulaye anakaima kutsogolo kwa mzere, poti jekete ili pa iwo. Wang'oma anaika ng'oma pansi. Palibe anawatukwana. Anangodikira, dzuwa likuswa, mpaka munthuyo anachoka yekha n'kukaima kuseri kwa chigafa. Ndiye ng'oma inalira. Anavina mpaka ku manda, kutsogolo atasiya malo opanda munthu, onse akuponda ngati bambo alipo.

Lero ndimasambitsa nkhalamba za eni ku Annandale. Mawu aja anthu athu angowasandutsa a nyumba, a galimoto, a mapepala okhalira kuno. Zimandinyansa. Tadala mganda sanauonepo, ndipo Chingerezi changa n'chopemphera madzi basi. Ndinayesa kumufotokozera tili pa mzere wa magalimoto, koma ndinangotchula za agogo ake ndi jekete yawo.

Titafika kunyumba anandifunsanso kuti agogo akewo chithunzi chawo chili kuti. Palibe. Chithunzi chokha cha jekete ija chili kumudzi, ndipo waivala ndi Fulaye.