Zisis, Amene Anamenya Nkhondo Kumbuyo kwa Bulu

Zisis Karabelas sanakhulupirirepo mfumu ya Greece kapena chikomyunizimu. Ankakhulupirira bulu wake. Nkhondo yapachiweniweni itafika kumapiri kwathu, zigawenga zachikomyunizimu zinalanda buluyo kuti azinyamula zipolopolo, Zisis n'kumulondola poopa kuti amupha ndi njala. Asilikali a boma atalanda buluyo kwa zigawenga, Zisis anamulondolanso. Motero anatumikira mbali zonse ziwiri osawomberapo ngakhale khwangwala.

Nkhondo itatha, akuluakulu a ku Athens analengeza mtendere. Bodza lenileni. Mudzi wathu unangonyamula nkhondoyo n'kukalowa nayo momwera khofi. Ofiira, achikomyunizimu aja, amene anatsala ankamwa kwa Stamatis, otsatira mfumu kwa Periklis, tsidya lina la bwalo. Munthu ankalolera kuuma kukhosi kusiyana ndi kulowa khomo lolakwika.

Zisis ankangofuna chinthu chimodzi: kukhala patebulo ndi amuna anzake n'kusewera prefa, masewera a makhadi ofuna anthu atatu. Anayamba kwa Stamatis.

"Iwe kapolo wa mfumu, wasochera?" anatero Stamatis. "Tuluka, ungatinunkhitse ufumu muno."

Zisis anawoloka bwalo.

"Taonani, kwabwera Komuredi Bulu!" Periklis anakuwa. "Khofi wanga samwa ofiira. Kamwe kwa anzako."

Choncho Zisis anatenga mpando wa kunyumba n'kuuika pansi pa mtengo waukulu wapakati pa bwalo. Anakalambira pomwepo, akusakaniza makhadi amene panalibe womugawira. Aphunzitsi ankamudutsa, wansembe ankamudutsa, anthu oimba za chikhululukiro Lamulungu lililonse.

Kenako mudzi unayamba kutha. Anyamata anapita kumafakitale a ku Germany, okalamba kumanda. Tsiku lina kwa Stamatis kunatsala mwini wakeyo ndi mnzake mmodzi wogontha. Kwa Periklis nakonso awiri. Prefa inaima mbali zonse.

Stamatis ndiye anayamba kubwera pamtengo, kapu ya khofi ili m'manja.

"Achimwene a Zisis, zakale zija tiziiwale. Inu munali wathu kuyambira kale."

"Ine achimwene lero?"

Periklis anatulukira akutsimphina, atanyamula tsipuro, kachasu wathu wa mphesa.

"Musamumvere wakubayo, madala. Ndani sadziwa kuti munavutikira dziko?"

Zisis anamwa khofi, anamwanso tsipuro. Apa m'pamene analakwitsa. M'malo mosankha mbali ngati Mgiriki aliyense wanzeru zake, anafuna kukondweretsa onse.

"Ine ndilipo mmodzi, simungandidule pakati. Bweretsani tebulo pano, tonse tisewere."

Awiriwo anatukwana, analavula, koma njala ya makhadi inawakulira. M'mawa mwake tebulo linabwera. Adani anayi anakhala moyang'anizana koyamba chithere nkhondo. Periklis anayendetsa maso.

"Prefa imatheka anayi, wogawa n'kumapuma. Koma asanu ayi."

"Pamenepo wanena zoona, galu iwe," anavomera Stamatis. Aka kanali koyamba awiriwa kugwirizana. "Zisis, tasuntha pang'ono, ukutitchinga dzuwa."

Masiku ano aphungu akabwera amaloza bwalolo n'kumati apa m'pamene mtundu unagwirizana, anthu n'kuwomba m'manja ngati opepera. Za Zisis satchula. Iye anamwalira patangotha chaka chibwerereni tebulo lija, akuonerabe masewera kumbuyo kwa wogontha uja, akumunong'oneza khadi loyenera kuponya, koma winayo osamva.